Pepala la ababa lomwe linagona musutikesi zaka 18

Ababa atamwalira mu 2023 tinakhala pansi kuno ku Mangochi kusanthula katundu wawo, ndipo musutikesi yakale ija ankaika pansi pa bedi tinapezamo envulopu ya khaki, mkati muli satifiketi ya masheya a National Investment Trust, amene ambiri amangoti NITL. Masheya 20,000, ogulidwa mu 2005. Pepalalo linali litayamba chikasu m'mbali, pakona njenjete zitalawako pang'ono. Amayi atangoliona anati eya, ndi limenelo pepala linandidyera malata anga.

Nkhani yake inali yoti chaka chimenecho ababa anapeza kandalama ka fodya kumunda kwathu ku Namwera, amayi ankafuna afolere nyumba ndi malata koma iwo anakwera basi kupita ku Blantyre nkubwerako ndi pepala basi. NITL inalowa pa msika wa masheya wa Malawi Stock Exchange mu Malichi 2005 pa mtengo wa K2.65 sheya imodzi, ndiye masheya 20,000 inali K53,000, ndalama yooneka ndithu nthawi imeneyo kwa munthu wakumudzi. Pakhomo panavuta mwezi wathunthu.

Ineyo sindinkadziwa kuti NITL ndi chani, ndinachita kufufuza. Si kampani yopanga shuga kapena yogulitsa ma units a foni ayi, ntchito yake ndi kusunga masheya a makampani ena, monga National Bank, Standard Bank, Illovo, Press Corporation ndi ena otero. Inabadwa nthawi ija boma linkagulitsa makampani ake, cholinga chinali choti Mmalawi wamba nayenso akhale ndi kagawo, osati olemera okhaokha. Ukagula sheya imodzi ya NITL ndiye kuti wagwirako pang'ono pang'ono konseko, ngati wagula dengu losakaniza usipa, utaka ndi kambuzi m'malo mogula mtundu umodzi. Chomwe chinandivuta kumvetsa poyamba nchoti dengu la NITL limeneli ndi lotseka. Masheya ake alipo 135 miliyoni ndipo sakuwonjezera tsiku ndi tsiku ngati mmene zimakhalira ku unit trust komwe ukabweretsa ndalama amakupangira gawo latsopano, ukafuna kutuluka amakubwezera okha. Kuno ayi. Ukafuna kulowa uyenera upeze wina amene akugulitsa, ukafuna kutuluka uyenera upeze wogula, zonse kudzera kwa broker, amene ndi mkhalapakati wogula ndi kugulitsa masheya m'malo mwako. Ndiye mtengo wake pamsika utha kukhala pansi kuposa mtengo weniweni wa katundu ali m'denguyo, kapena pamwamba, zimatengera anthu akulifuna bwanji nthawi imeneyo.

Tsopano masamu. Kumapeto kwa 2023 sheya ya NITL inali cha m'ma K410. Masheya a ababa aja anali atafika pa K8.2 miliyoni, kuchoka pa K53,000, kutanthauza kuti ndalamayo inaswana ka 150 nkupitirira. Nditawauza amayi anangogwira pakamwa, kenako anatuluka panja, ndinawapeza akulira kuseri kwa khitchini.

Koma apa ndipofuna tilankhulane chilungamo chifukwa ndaona anthu m'magulu a WhatsApp akuponya manambala ngati amenewa kukopa anzawo. Kwacha ya 2005 si kwacha ya 2023. Nthawi ababa amagula, dola imodzi inali isanafike ndi pa K130 pomwe. Mu Meyi 2012 kwacha inagwetsedwa kuchoka pa K168 kufika pa K250, mu Meyi 2022 inagwanso ndi 25 peresenti, kenako mu Novembala 2023 ndi 44 peresenti mpaka dola kufika cha m'ma K1,700. Ukawerengera mu dola, sheya ija inachoka pa masenti awiri ndi kanthu kufika pa masenti 24, ndiye phindu lenileni ndi pafupifupi ka 10, osati ka 150. Ka 10 pa zaka 18 ndi nkhani yabwino kwambiri, ine sindikuchepsa ayi, ndalama ikanakhala ku buku la kubanki bwenzi lero isakugula ndi matumba awiri a feteleza omwe. Kungoti tizitchula nambala yoona. Pamwamba pake panali ma dividendi, gawo la phindu lomwe kampani imagawira eni masheya, amene ababa ankalandira pa cheke zaka zoyambirira, boma litadulapo kale msonkho wa 10 peresenti, ndipo ndikukumbukira chaka china anatigulira mayunifomu ndi ndalama imeneyo ife osadziwa komwe yachokera.

Chimene chimandikhudza kwambiri ndi zaka za pakatipo. Kuyambira 2009 mpaka 2012 msika wonse wa masheya ku Malawi unangoima ngati madzi a pachithaphwi, uku mafuta akusowa, forex kulibe, anthu akugona pa filling station. Munthu amene anagula mu 2008 nkugulitsa mu 2012 anatuluka manja ali m'khosi, zinthu m'sitolo zitakwera koma pepala lake lili pomwepo. Nthawi imeneyo mlongo wanga anasankhidwa kupita ku sekondale, fizi inavuta, amalume anabwera kunyumba kudzawauza ababa kuti alamu, gulitsani chipepala chanucho mwana apite kusukulu. Ababa anagulitsa mbuzi zinayi ndi njinga. Sindikudziwa ngati kunali kuona patali kapena ulendo wa ku Blantyre unkangowalemera, mwina zonse ziwiri, koma phindu lalikulu la pepalalo labwera zaka zakumapeto zenizeni, makamaka 2023 pomwe mtengo unakwera kuposa katatu chaka chimodzi chokha, iwo ali kale m'manda. Sanadyeko. Zimenezi zimandiwawa mpaka lero.

Amalume omwewo mu 2005 anagula injini ya boti ndi khoka ku Makawa, ndipo zaka zoyamba ankapha ndalama moti aliyense ankati ababa anapusa. Injiniyo inadyetsa banja, inaphunzitsa ana atatu, sindinganene kuti analakwitsa. Koma nsomba zinayamba kuchepa m'nyanja, injini inatha, pano yangotsala chigoba chili pakhonde. Mnzanga wina wa ku Mpondasi amene ndi Msilamu wolimbikira anandifunsa ngati masheya amenewa ali halal poti mkati mwake muli mabanki odya chiwongola dzanja, ndinamuuza kuti mabanki alimodi ndipo ndi gawo lalikulu, zotsalazo akafunse ashehe.

Kusintha dzina pa masheyawo kunatitengera miyezi isanu ndi iwiri. Kalata ya amfumu, satifiketi ya imfa, mapepala a chuma cha masiye, ulendo wa ku Blantyre katatu, kudzuka 4 koloko m'mawa kukakwera minibasi yodzera ku Liwonde ndi Zomba, kwina kukafika nkuuzidwa kuti bwana wosainira watuluka mubwere mawa. Masiku ano masatifiketi a pepala anasiya, masheya amasungidwa pakompyuta mu akaunti ya CSD (Central Securities Depository, kosungirako masheya), ndiye tinapereka pepala lija, ine ndinalijambula kaye pafoni ndisanalisiye.

Tinagwirizana pabanja kugulitsa masheya 5,000 okha. Ndalamayo tinagula malata a 28 geji ndi mapulanga, nyumba ya amayi ku Namwera tinafolera mvula isanayambe. Otsala 15,000 aja ali m'dzina la amayi, ndipo anandiuza kuti ndisawakhudze mpaka mdzukulu wawo woyamba adzalembe Fomu 4, pano ali Sitandade 3.