Zaka 3 tikuswetsa abuluzi a ndevu ku Chilenje

Sabata yatha ana 22 aswa m'mazira 24, ndipo mwezi uno takwanitsa zaka 3 tikuweta abuluzi a ndevu (ma bearded dragon) kuno ku Chilenje, mu Lusaka. Abuluziwa kwawo ndi ku Australia. Ndi achibale a gulo wathu uja wogwedeza mutu pamtengo, koma iwo ndi ofatsa, amakhala phee padzanja.

Kuti akwerane, chachikulu ndi kuwapumitsa kaye. Chisanu cha Lusaka cha Juni ndi Julayi chimatithandiza: timachepetsa kuwala kufika maola 8 patsiku kwa masabata 6 mpaka 8, ndipo chakudya timayamba tasiya kuti chisawole m'mimba. Mu Ogasiti timabwezera maola 12 mpaka 14, malo owothera akhale pa madigiri 40. Yamphongo ikakonzeka ndevu zimada bii, imagwedeza mutu mwamphamvu. Yaikazi imayankha pozungulitsa mwendo wakutsogolo pang'onopang'ono ngati ikupereka moni. Yamphongo imaluma pakhosi pokwera, choncho sitizisiya pamodzi masiku ambiri. Yaikazi yosakwana miyezi 18 ndi magalamu 350 sitikweretsa, ngakhale kasitomala akakamize bwanji, chifukwa mazira amaikanirira m'mimba.

Pakapita masabata 4 mpaka 6 itakweredwa, yaikazi imayamba kukumba kuti iikire mazira, ndiye timaiikira bokosi la mchenga wonyowa wakuya masentimita 25. Dzira lililonse timalemba pamwamba ndi pensulo ndipo sititembenuza. Mazirawo timawaika mu vermiculite (timiyala topepuka tosunga chinyezi) wonyowa pa madigiri 29 kwa miyezi pafupifupi iwiri. Kutentha kwa Okutobala n'koopsa: kukapitirira 32, ana amene akanakhala amphongo amatha kuswa aakazi.

Chaka cha 2024 chinatigwetsa. Madzi atatsika ku Kariba, malaiti ankapita pafupifupi tsiku lonse. Kutentha m'bokosi loswetsera kunkakwera ndi kutsika, mazira anafota n'kuchita nguwi, tinataya onse. Amene tinawapempha ngongole ya solar anatiuza kuti buluzi si chikole. Wina anatigulitsa mababu olembedwa UVB (kuwala konga kwa dzuwa kothandiza mafupa kulimba) koma opanda mphamvu yake, yaikazi yathu yabwino koposa nsagwada zinafewa. Wogulitsayo akudzidziwa, ndipo ndalama yathu sadzaionanso. Lero tili ndi panelo, batire ndi inverter zogula ndi thukuta lathu.

Zikomo amayi a ku Soweto Market amene mumatisungira chibwabwa chatsopano, dokotala wa ziweto amene munapulumutsa yaikazi ija, aneba amene munatisungira batire kunyumba kwanu, achibale amene munatibwereka osawerenga masiku, ndi inu makasitomala oyamba amene munatikhulupirira tili ndi khola limodzi.

Anawa tiyamba kupereka akakwana masabata 6, akudya bwino tizilombo ndi masamba. Gulani mmodzi pa khola, chifukwa ana akakhala pamodzi amalumana michira ndi zala. Tilinso ndi ufa wa calcium wolimbitsa mafupa, mababu a UVB ndi mphemvu za mtundu wa dubia zowadyetsa. Tilembereni pa WhatsApp musankhiretu wanu.