Momwe ndinapezera chilolezo choyeza mankhwala a LA m'magazi a ana ku Bwanje

Funso la kafukufuku wanga linali lalifupi: mwana wosakwana zaka zisanu akamwera LA, mankhwala a malungo, kunyumba, mankhwalawo amatsala ochuluka bwanji m'magazi mwake pofika tsiku lachisanu ndi chiwiri? Ndisanapite kukapitiriza maphunziro ku yunivesite ya zaumoyo ya KUHeS ndinkagwira ntchito ya ukiliniko ofesala ku Ntcheu, ndipo ana a kuchigwa cha Bwanje ndinkawaona akubweranso ndi malungo patangopita masabata ochepa. Kumtunda ngati ku Tsangano kumazizira, udzudzu ndi wochepa, koma kuchigwa nyengo ya mvula benchi ya odikira siikhala yopanda munthu.

LA anayamba kuperekedwa m'dziko muno mu 2007, kulowa m'malo mwa Fansidar amene naye analowa m'malo mwa chloroquine mu 1993. Mlingo wake umatengera sikelo: kuyambira makilogalamu 5 mpaka 14 piritsi limodzi, 15 mpaka 24 awiri, kawiri patsiku kwa masiku atatu. Taonani pamenepo. Mwana wa makilogalamu 6 ndi mnzake wa 14 akumwa piritsi lofanana, ndiye kuti wamkuluyo akulandira osafika theka la zimene wamng'onoyo akulandira pa kilogalamu iliyonse. Komanso mwa mankhwala awiri amene ali m'piritsimo, lumefantrine amalowa bwino m'thupi ngati m'mimba muli chakudya chamafuta, monga mkaka kapena phala la nsinjiro. Nanga mwana wotentha thupi, wosanza, amadya?

Pofuna chilolezo cha kafukufuku wotere, choyamba ndi pulotokolo, chikalata chofotokoza zonse: ana angati, osankhidwa bwanji, magazi ochuluka motani, adzasungidwa kuti. Pambali pake pamafunika setifiketi ya GCP, yosonyeza kuti munthu akudziwa malamulo ochitira kafukufuku pa anthu, imene imapezeka pophunzira pa intaneti, ya aliyense wokhudza mwana kapena fomu. Apa palibe chovuta, bola netiweki.

Kenako kalata ya kuboma. Ofesi ya mkulu wa zaumoyo m'boma iyenera kuvomereza kuti kafukufuku achitikire m'zipatala zake, ndipo komiti yoona za ufulu wa anthu otenga nawo mbali imafuna kuona kalatayo. Ndikulangizani kuti mupiteko nokha, mukhale pansi ndi woyang'anira za malungo, osangotumiza imelo. Iwo ndi amene anandiuza zipatala zing'onozing'ono zimene msewu wake umaduka mu Febuluwale, zimene pamapu sizioneka.

Poti ndinali wophunzira wa KUHeS, mapepala anga anapita ku COMREC, komiti ya sukuluyi yoona za kafukufuku, ku Blantyre. Amene sali pansi pa sukuluyi nthawi zambiri amapita ku NHSRC, komiti ya ku Unduna wa Zaumoyo ku Lilongwe. Ndikanakhala kuti ndikuyesa mankhwala atsopano kapena kusintha mlingo, ndikanafunikanso chilolezo cha PMRA, bungwe loyang'anira mankhwala. Ine sindinkasintha kanthu. Ana ankalandira LA yemweyo amene akanalandira ngakhale ine kulibe.

Ndemanga za komiti zitabwera, pafupifupi zonse zinali za magazi. Bwanji osatenga pachala m'malo mwa pamtsempha? Mwana akapezeka ndi magazi ochepa mudzatani naye? Otsala mudzataya liti, ndipo adzaonerera ndani? Anzanga ena amadandaula kuti makomiti amachedwetsa ntchito. Ine pa nkhani ya ana sindigwirizana nawo. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950 makanda ambiri kumayiko akunja anamwalira atapatsidwa chloramphenicol, mankhwala opha mabakiteriya, pa mlingo wongochepetsa kuchokera wa akuluakulu. Chiwindi cha khanda sichinakhwime moti n'kuchotsa mankhwalawo, ndiye ankangounjikana m'thupi mpaka khungu kutuwa. Ngakhale WHO, bungwe la zaumoyo padziko lonse, inatulutsa mndandanda wake woyamba wa mankhwala ofunika a ana mu 2007 momwemu. Kafukufuku pa ana ndi wofunika chifukwa cha zimenezi, ndipo n'chifukwa chomwecho salola kuti achitike mwachisawawa. Tinagwirizana zobaya pachala, madontho ochepa n'kuwadonthezera pa kapepala kapadera kamene kamauma n'kusungidwa m'kathumba.

Fomu yopempha chilolezo cha kholo ndiyo inandidyera nthawi. Imalembedwa m'Chingerezi ndi m'Chichewa, zonse zimadindidwa ndi komiti, ndipo mukafuna kusintha ngakhale chiganizo chimodzi muyenera kukapemphanso. Iyenera kunena poyera kuti kholo likakana, mwana alandirabe thandizo lonse. Kuti likhoza kusiya tsiku lililonse osapereka chifukwa. Komanso kumene magazi akupita. Wosatha kulemba amadinda chala pamaso pa mboni yosakhala ya gulu lathu. Ndalama yoyendera nayo komiti imaiyang'anitsitsa: ikwanire kabaza kupita ndi kubwera, koma isakule mpaka kusanduka nyambo.

Chimene fomu siikuuzani n'chakuti mayi amene wabereka mwana kumbuyo nthawi zambiri sagamula yekha. Amati, "Ndikafunse kaye bambo ake," ena amatchula amalume a mwanayo, ndipo nthawi zina wabwera naye ndi agogo. Popeza magazi tinkawafuna tsiku lachisanu ndi chiwiri, tinakonza zoti tsiku loyamba tizingofotokoza n'kupereka pepala apite nalo kunyumba, mlangizi wa zaumoyo wa m'deralo n'kuwayendera mkati mwa sabata. Dongosolo limeneli ndinalilemba mu pulotokolo, komiti n'kulivomereza.

Chidindo cha komiti chitabwera sitinathamangire kuchipatala. Tinayamba kwa a T/A, iwo n'kutitumiza kwa magulupu. Aliyense akukumbukira mphekesera za anamapopa za mu 2017, zimene zinayambira ku Mulanje mpaka anthu kuphedwa. Munthu wachilendo wofika ndi galimoto n'kumatenga magazi a ana popanda amfumu kudziwa akudziputira tsoka. Pamsonkhano wina agogo ena aakazi anaimirira n'kufunsa kuti, "Adokotala, magazi a mdzukulu wangayu mukukagulitsa kuti?" Anthu ena anaseka, koma agogowo sankaseka. Ndinatulutsa kasingano kobayira pachala konga kamene timayezera malungo, namwino wathu n'kundibaya pamaso pa onse. Timadontho titauma, kapepalako kanayenda m'manja mwa anthu. Agogowo anakaunika padzuwa, anakatembenuza, n'kunena kuti, "Basi omwewa? Nsikidzi imaposa apa." Amfumu anaonjezera kuti aliyense wokayika akafike kwa iwo, ndipo mawu awo anagwira ntchito kuposa anga.

Ntchito yeniyeni inali yobwerezabwereza. Mwana akapezeka ndi malungo timamukweza pasikelo, mlingo woyamba amamwera pomwepo tikuona, ndipo akasanza msanga timamupatsanso. Mayi timawakumbutsa kuti wachiwiri ndi pakapita maola 8, yotsalayo m'mawa ndi madzulo. Akabwerera tsiku lachisanu ndi chiwiri timapempha kaphukusi ka mapiritsi kuti tione ngati atha, n'kufunsa chimene mwana anadya pomwa. Funso ili mulifunse mofatsa. Mukalifunsa ngati wapolisi, mayi aliyense adzayankha kuti phala la nsinjiro, pomwe mwanayo anangomwera madzi. Pa kapepala ka magazi timalemba nambala yokha. Mayina amakhala m'buku lina lotsekeredwa m'kabati.

Ngati labu yoyeza mankhwala m'magazi ili kunja kwa dziko, mapepalawo satuluka popanda mgwirizano wotchedwa MTA, umene uyenera kuvomerezedwa kaye. Yambani kuukonza pamodzi ndi pulotokolo chifukwa umafuna masiginecha a mbali zonse ziwiri. Chilolezo cha komiti nacho chimagwira ntchito chaka chimodzi. Tsiku lothera limalembedwa pa kalata yomweyo, ndipo lipoti lopempha kuonjezera liyenera kufika tsikulo lisanakwane. Likangodutsa, simuloledwa kulembanso mwana wina mpaka kalata yatsopano itatuluka.