Tsiku lomwe jekete ya pa kaunjika inandisandutsa bwana

Abale inu, mpaka lero pali kansewu kena kuno ku Kasungu komwe sindidutsa masana, ndipo olakwa ndi atatu: achimwene anga a ku Joni, jekete, ndi Fanta.

Achimwenewo anandiimbira pa WhatsApp kuti atumiza kaphukusi. Anthu onse masiku ano katundu amapatsira a mabasi kapena madalaivala a mathiraki, ndalama ndiye pa Airtel Money kaya Mpamba, koma iwo ayi, ati positi ndiye yodalirika chifukwa agogo ali ku Teba ankatumiza mabulangete pa positi ndipo palibe lomwe linasowa. Adiresi analemba bokosi la pulayimale ya kwathu monga timachitira mudzi wonse, kalata ya chibwenzi kaya ya ngongole imayamba yadutsa kwa ahedi. Patatha miyezi iwiri ahediwo ananditumizira mwana ndi kapepala koti ndikatenge katundu.

Tsiku lomwelo amalume anali atandituma kukaimira unkhoswe wa msuweni wanga masana, ndiye ndinati ndiponyere limodzi. Ndinavala jekete yakuda yomwe ndinagula pa kaunjika titagulitsa fodya, taye yobwereka kwa abusa, m'manja kachikwama kachikopa. Munali chitupa cha unzika, kapepala kaja, kope la za unkhoswe ndi mbatata ziwiri zootcha. Pa M1 minibasi inachedwa ndiye ndinakwera matola, galimoto yoyera ya dabo kebini, adalaiva ataona taye anandikhazika kutsogolo, nkukanditsitsa pageti penipeni pa positi ofesi. Sinditchula kuti iti, ndikufunabe kukhala ndi moyo.

Ndikutsika ndinaona chitseko ndi chotseka, anthu ali pansi pa mtengo wa mango akuimba, ena anyamula makatoni olemba kuti TATOPA NDI MALONJEZO. Sitalaka. Atangondiona nyimbo inaduka, zii, wina nkunong'ona mokweza kuti afika. Ndisanatsegule pakamwa mpando wabwera, mayi wina waupukuta ndi chitenje chake, madala ena a imvi agwira chipewa kumanja, ati takulandirani bwana, mwayenda bwanji kuchokera ku hedi ofesi.

Apa ndiye pomwe munthu wanzeru akananena kuti pepani ndangobwerera phukusi. Ndinatsala pang'ono kunenadi, koma ndinaona kamnyamata kakubwera ndi Fanta yozizira mpaka botolo likutuluka thukuta. Komanso ine chibadwire palibe ananditchulapo bwana, ngakhale akabaza amangoti aise. Ndinapinda mwendo nkuyankha kuti tayenda bwino, kaya inu kuno.

Madala aja anayamba. Ati iwo analowa ntchito positi ndi matelefoni zikadali kampani imodzi, pomwe ankazigawa mu 2000 a matelefoni anapita ndi mnofu ife nkutisiyira mafupa. Ati bwana, kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, sopo wakwera, shuga wakwera, feteleza ndiye tisanene, koma malipiro athu ali pompaja ngati phiri la Kasungu, ndipo akamabwera amabwera mwezi wina uli pakati alandilodi atatopa kale kugogoda. Mayi wa pa kauntala analanda mawu, ati denga limadontha moti nthawi ya dzinja makalata amawayanika panja ngati ufa, anthu nkumalandira kalata inki itasungunuka osadziwa ngati ndi ya ukwati kapena ya maliro. Kenako mesenjala anakoka njinga yake kudzaiimika pamaso panga, ilibe mabuleki, amaimitsa ndi chidendene, anandionetsa mpaka nsapato yake momwe inathera mbali imodzi. Kunena zoona zinandikhudza, anthu aja sankanama, njinga ija ngakhale mwana wanga sindingamukweze.

Ine ndiye ndikungogwedeza mutu nkumalemba mu kope la unkhoswe, pansi pa mndandanda wa nkhuku ndi mapoto ndinalemba denga, buleki, maariyasi. Wina anakumbutsa kuti lamulo la 2021 lija limalola abwana kudula malipiro sitalaka ikapitirira masiku atatu pachaka, ndipo lero bwana ndi lachitatu, tiuzeni chimodzi. Ndinatsokomola pang'ono ngati nduna, nkunena kuti zonsezi ndazimva, tiziona. Anaomba m'manja. Shuga wa Fanta uja anandikwera kumutu. Kamnyamata kena kumbuyo kanakuwa kuti bwana tiuzeni nambala, mukweza zingati, ine pakamwa panangotuluka pokha kuti fote.

Nthungululu zake! Sindinadziwe kuti anthu a positi ali ndi mphamvu choncho, anandinyamula ndi mpando womwe, ndili m'mwamba kachikwama kanatseguka, mbatata imodzi inagwera pa phazi la madala aja ina nkugubuduka mpaka pa ngalande. Kapepala kaja kanatsika pang'onopang'ono nkukatera m'manja mwa mayi wa pa kauntala. Anakayang'ana, anandiyang'ana, ati kalembedwe aka ndi kanga, bokosi ili ndi la pulayimale, bambo inu ndinu ndani kodi.

Ananditsitsa, osati mwaulemu ngati momwe anandikwezera. Ndinafotokoza zonse mawu akunjenjemera. Ena amati apolisi, ena amati ayi angolawako pang'ono, koma madala aja anaseka mpaka kukhala pansi, ati musiyeni, mwa mabwana onse ndi yekhayu amene wakhala pansi nkulemba. Chilango chinali chakuti ndibweze ya Fanta, ndinyamule katoni, ndiime kutsogolo ndiziyambitsa nyimbo popeza mavuto onse ndawadziwa.

Ndiye ndili pakati poimba, taye ili paphewa, inafikadi galimoto ina yoyera. Anatsika bambo wamimba yake, jekete yeniyeni ya mu shopu. Anaponya maso pagulu nkulunjika kwa ine, wandigwira dzanja ndi manja awiri, ati inu ndiye a yuniyoni ochokera ku Lilongwe eti, tiyeni mkati tikambirane ngati akuluakulu. Ndinacheuka kuti wina andipulumutse, onse angoti duu, madala aja akundikodola ndi maso kuti lowani. Ndinapempha kuti ndiyambe ndataya madzi. Kuseri kwa chimbudzi kuli mpanda wa waya, theka la jekete yanga linatsala pamenepo.

Ku unkhoswe ndinafika dzuwa litapendeka, koma chithunzi changa chinali chitafika kale pa Facebook, ndanyamula katoni kukamwa kuli yasa. Amalume anangondifunsa kuti ntchito ya positi ndinayamba liti osawauza. Powerenga katundu wa akuchikazi ndinawerenganso buleki, mpaka lero akuchikaziwo akufunsabe kuti buleki yake ndi ya chani.

Atatsegula ndinadikira masabata awiri nkupita nditavala tisheti, masilipasi ndi chipewa chofika m'maso. Mayi uja sanadzutse nkomwe mutu, anangomenya chidindo nkunena kuti sainani apa bwana, fote ija tikudikirabe. Ndinathawa nalo phukusi mpaka kunyumba, akazi anga nkulitsegula ndi mpeni ana atazungulira. Munali jekete, ndi kakalata koti achimwene muzivala mukamapita m'maofesi, anthu azikupatsani ulemu.