Mmene ndinakonzekerera kusaka abakha ndi nkhwali ndi mfuti yakale ku England

Mfuti ya chifefe imene ndimasakira mbalame inapangidwa ku Birmingham nkhondo yachiwiri ya padziko lonse isanayambe. Ndi ya mipope iwiri yogundizana, ya 12 bore (umene ndi muyeso wa kukula kwa bowo la mpope), ndipo kapangidwe kake ndi kaja kamene Anson ndi Deeley anatulukira mu 1875 ku kampani ya Westley Richards. Ndi yopepuka ndipo imakhala bwino paphewa, koma ndiyo imauza mlenje katiriji (chipolopolo chokhala ndi wonga ndi tinjere m'kati) woyenera kugula ndiponso mtunda umene angawombere.

Ndisanaigule ndinayamba ndapempha chilolezo kwa apolisi a m'dera langa, monga limanenera lamulo la Firearms Act la 1968. Anafuna lipoti la dokotala, umboni wa anthu ondidziwa bwino, ndiponso kabati yachitsulo yokhomeredwa kukhoma, imene wapolisi anabwera kudzaiona asanavomereze. Chilolezocho chimagwira ntchito zaka 5.

Kenako ndinapita ndi mfutiyo kwa mmisiri wa mfuti, ndipo pamenepa mpamene pali ntchito yeniyeni. Anachotsa mipope n'kuwerenga zidindo za kunsi kwake, zimene zinadindidwa ku Birmingham Proof House, malo oyesera mfuti amene anakhazikitsidwa mu 1813. Zidindozo zimasonyeza ngati mfuti inayesedwa ndi wonga wakuda wakale wokha, kapena ndi wonga wamakono wosafuka utsi, umene uli wamphamvu kwambiri. Yanga inali ndi chidindo cha wonga wamakono, komabe chidindo chimangonena za tsiku limene mfuti inayesedwa, pamene m'zaka zotsatira eni ake ena amapala m'kati mwa mpope pochotsa dzimbiri mpaka chitsulo kupyapyala. Choncho mmisiriyo anayeza kukula kwa bowo ndi kuchindikala kwa chitsulo, chimene amisiri ambiri safuna kuti chichepere mainchi 0.020. Anakoloweka mipopeyo pachala n'kuigogoda pang'ono. Inalira ngati belu, kusonyeza kuti zolumikizira zake sizinamasuke. Pomaliza anayeza malo olowera katiriji n'kupeza kuti ndi a mamilimita 65, pamene makatiriji ambiri a m'masitolo masiku ano ndi a mamilimita 70. Katiriji wautaliyo amalowa ndithu ndipo mfuti imatsekeka bwinobwino, n'chifukwa chake ngoziyi imabisika, koma akaphulika sapeza malo okwanira otambasukira ndipo mphamvu imapanikizana m'kati.

Nkhani ya abakha ndiyo inandichedwetsa. Kuyambira mu 1999, ku England n'koletsedwa kuwombera abakha ndi atsekwe ndi tinjere ta mtovu, chifukwa mbalame zam'madzi zimatola tinjereto m'matope n'kufa ndi poizoni wake. Alenje ambiri anasamukira ku tinjere tachitsulo, timene n'totsika mtengo, koma chitsulo sichifinyika podutsa kukamwa kwa mpope kumene n'kopanikizika, ndipo chingatupitse mpope wopyapyala. Mipope ya Damascus, ija yopangidwa popota timizere tachitsulo, siyenera kulandira tinjere tachitsulo n'komwe. Mmisiriyo anati angathe kukulitsa kukamwa kwa mipope yanga kuti izilandira makatiriji achitsulo a mphamvu yocheperapo, koma ndinakana, popeza chitsulo chikapalidwa sichibwereranso. Ndinasankha tinjere ta mtundu wina wa chitsulo wotchedwa bismuth, timene n'tofewa ndipo kulemera kwake kuli pakati pa mtovu ndi chitsulo. N'tokwera mtengo kwambiri, koma wosaka abakha sawombera kawirikawiri, kotero kuti bokosi limodzi limakhalitsa.

Masiku osakira ndi oikika ndi lamulo. Nkhwali za kuno ndi abakha zimayamba pa 1 Seputembala, mbalame za pheasant pa 1 Okutobala. Abakha a kumtunda amatsekedwa pa 31 Januwale, a m'mphepete mwa nyanja pa 20 Febuluwale, pamene nkhwali ndi pheasant zimatsekedwa pa 1 Febuluwale ndipo siziwomberedwa Lamlungu. Malo aliwonse ali ndi mwini wake, choncho ndinalowa kalabu ya alenje a abakha yomwe ili pansi pa bungwe la alenje la BASC, limene limaperekanso inshuwalansi kwa mamembala ake.

Kudambo timafika kusanache, pakuti abakha amauluka m'bandakucha ndi chisisira pakati pa malo odyera ndi malo opumira. Ndimayenda mfuti ili yotsegula pamalo olowera katiriji, ndipo ndisanaike katiriji ndimasuzumira m'mipope yonse iwiri, chifukwa kadothi kakang'ono kotsekera kukamwa n'kokwanira kung'amba mpope. Pa zokokera ziwiri za mfutiyi, chakutsogolo chimawombera mpope wakumanja umene umamwaza tinjere, chakumbuyo chimawombera wakumanzere umene umatiunjika pamodzi kuti tifike patali. Bakha wopitirira mamita 35 ndimangomuyang'ana akudutsa, popeza katiriji wopepuka wa magalamu 28 pa mtunda wotero amavulaza m'malo mopha. Kumtunda n'kosavuta: galu amanunkhiza m'mipanda ya zitsamba, mbalame imabuka pafupi, ndipo kupepuka kwa mfutiyi kumathandiza kuitsatira msanga.

Ndikabwerako, makamaka kochokera kumadzi amchere, ndimamasula mfutiyo tsiku lomwelo, kupukuta m'mipope, kuumitsa mtengo wa chogwirira chake kutali ndi moto, n'kupaka mafuta pang'ono chabe pachitsulo. M'kabati ndimaiimika kukamwa kuli pansi, kuti mafuta asatsikire m'mtengo n'kuufewetsa pamene walumikizana ndi chitsulo.