Kupuma kasanu tisanatsegule buku

Sabata ino dzuwa laswa mtengo kuno ku Mangochi. Ikamakwana 10 koloko malata amakhala akuthetheka, ndipo ana anga a Sitandade 2, omwe ndi oposa 100, amalimbirana chilichonse, kaya ndi pensulo kaya malo a pafupi ndi khomo.

Lolemba tinayamba monga mwa nthawi zonse. Akangomwa phala, amakhala pansi n'kupinda manja ngati agwira kapu. "Nunkhizani phala pang'onopang'ono. Tsopano liuzireni kuti lizizire." Timatero kasanu. Kenako ndimagogoda kachitsulo kamodzi, iwo atatsinzina, ndipo aliyense amakweza dzanja akaona kuti kulira kwake kwatheratu. Ana okonda kulongolola ndi amene amapikisana kwambiri kumva mawu omalizawo. Zikatero timalowa m'maliwu ndi maphatikizo, makutu ali tcheru.

Lachitatu anyamata awiri anagwirana malaya chifukwa cha mpira wa mapepala. Wina ankanjenjemera, misozi ili mbwembwembwe. Sindinamuuze kuti apume. Mwana mtima ukali m'mwamba samva malangizo, ndipo mukamukakamiza pamenepo aziona ngati kupumako ndi chilango. Ndinangomukhazika pambali panga. Patapita kanthawi ndinamufunsa kuti mkwiyowo akuumva pati. Analoza pakhosi. Kenako anapinda yekha manja n'kuyamba kuuzira. N'chifukwa chake timayeserera tsiku lililonse kukali bata.

Lachinayi kunabwera bambo wina, atavala mkanjo, kudzaonana ndi ahedi. "Aphunzitsi, ndamva kuti mukuwatsinzinitsa ana. Ndi mapemphero a mpingo uti amenewa?" Funsoli n'lomveka, poti m'kalasimu muli ana a Chisilamu ndi a Chikhristu. Ndinawafotokozera mosabisa kuti mizu ya njirayi ili m'Chibuda, koma mu 1979 wasayansi wina dzina lake Jon Kabat-Zinn anayamba kuigwiritsa ntchito ku Massachusetts, m'dziko la America, pothandiza odwala omva ululu wosatha, popanda zachipembedzo. Ife sititchula dzina la aliyense, timangopuma ndi kumvetsera. Ndinawapempha kuti alowe adzionere okha. Anakhala kumbuyo mpaka titamaliza, kenako anati, "Ngati ndi zimenezi, pitirizani, bola asamachedwe ku madrasa."

Lachisanu ana anachepa, ena anali kunyanja kukathandiza kukoka makoka ndi kuyanika usipa. Otsalawo ndinawalola kuti asankhe mnzawo wogogoda kachitsulo, ndipo mkangano wosankhanawo unatidyera nthawi yambiri kuposa kupuma kwenikweniko. Sabata yamawa tizitsata kaundula.