A gulupu ndi chambo zosatha

Abale makompyuta awa amamvera mopitirira, ukawauza kuti uzichita chakuti amachitadi mpaka mawa osafunsa kuti kodi bwana mukadafunabe. Achemwali ena ojambula zithunzi anakonza chionetsero cha zaluso pa loji ina ku Senga Bay, ndiye anandipeza pa kashopu kanga ka fotokope pa Kamuzu Road nkundiuza maganizo awo: munthu aziima pafupi ndi bwato, adine batani, kamera imujambule, pakangopita kanthawi chithunzi chizituluka mu pulinta chili ndi chambo pamutu ngati chipewa, kenako mwini wake azikachipanika yekha pa ukonde womwe tinaupachika pakhoma. Akuti luso loti oonerera nawonso azitengapo mbali. Ine ndinati zazing'ono izo achemwali, sitisowa ndi Photoshop yomwe.

Ndinalemba kaskiripiti (kandandanda ka malamulo oti kompyuta izitsatira yokha) pa laputopu yanga yokalamba ya Ubuntu, mizere yochepa basi. Pulogalamu yotchedwa inotifywait imakhala tcheru pa foda ya zolowa, chithunzi chikangogweramo pulogalamu yokonzera zithunzi ya ImageMagick imachitenga nkuchiongola ndi -auto-orient (makamera ambiri amasunga chithunzi chogona nkungolemba mu EXIF, timawu tobisika mkati mwa chithunzicho, kuti kumwamba nkuti, ukaiwala zimenezi anthu onse amatuluka atagona chammbali), kuchichepetsa, kuchotsa makala kuti chikhale blaki endi waiti, kumatapo chambo chija, nkusunga mu foda ina ya zotuluka. Kenako pulogalamu ya lp imachiponya ku CUPS, yomwe imandandalika ntchito zoti zisindikizidwe, CUPS ku pulinta. ImageMagick imeneyi ndi nkhalamba, inatuluka 1990, koma imagwira ntchito kuposa anyamata ambiri omwe ndimawadziwa.

Mmodzi mwa anyamata amenewo ndi msuweni wanga, yemwe ndinamutenga kuti azithandiza kuika mapepala. Ine nditapita kukasaka madzi akumwa iye anaona kuti pa desikitopu pali "posokonekera", ndiye anakoka foda ya zotuluka ija nkuilowetsa mkati mwa ya zolowa, ndipo poti anaphunzirako pang'ono za kompyuta anasinthanso njira yake mu skiripiti kuti zigwirizane bwinobwino. Waukhondo mwanayu. Chomwe sanadziwe nchoti inotifywait inali ndi -r, kutanthauza kuti imayang'ananso mafoda onse a mkati.

Mlendo wolemekezeka anali a gulupu a dera lomwelo, atavala jekete ngakhale kunali kotentha kwa Salima kuja koti ngakhale mbuzi zimabisala pansi pa ngolo. Anaima pa bwato, nkudina batani ndi chala chonse, anthu mmanja. Pepala loyamba linatuluka bwino kwambiri, a gulupu ali ndi chambo chimodzi pamutu, anaseka mpaka kugwira phewa la nduna yawo. Tisanamalize kuseka pulinta inakokanso pepala lina. A gulupu omwewo, chambo ziwiri. Lina, zitatu. Skiripiti imaona chithunzi chomwe yangomaliza kukonza ngati mlendo watsopano, nkuchikonzanso, ndipo poti chambo ndinachiika kuti chizigwera malo osiyanako pang'ono ulendo uliwonse kuti zithunzi zisamafanane, nsomba zinayamba kutsika, china pa khutu, china pa tayi, china pakamwa penipeni. Komanso chithunzi cha mtundu wa JPEG ukamachisunga mobwereza chimataya ubwino, ndiye nkhope imanka nidetsedwa, pofika pepala la 15 kunangotsala maso awiri akusuzumira pakati pa mulu wa nsomba.

Ana omwe anabwera kudzaonerera ndiwo anasangalala, kumatola mapepala nkumawerenga mokuwa "twente! twente wanu!" achemwali aja akundiyang'ana ndi diso loti mapepala a glossy amenewo tinakagula ku Lilongwe ndi ndalama zawo. Ndinathamanga nkuzula chingwe cha pulinta, zii. Ndinatseka skiripiti, kubweza foda pamalo pake, kumuyang'ana msuweni yemwe nthawi imeneyo anali atatanganidwa kwambiri ndi kuona nyanja. Nditalumikizanso chingwe nkuiyatsa pulinta inayambiranso pomwe inasiyira, chifukwa CUPS siyiiwala, ntchito zonse zimadikira pamzere, ndipo laputopu imakonza zithunzi mwachangu kuposa momwe pulinta imasindikizira ndiye mzerewo unali utatalika kale. Mpaka ndinalemba cancel -a, lamulo lofufuta ntchito zonse za pamzere, manja akunjenjemera mpomwe kunakhala bata.

Ndinapita kwa a gulupu nditagwira chipewa mmanja, ndati pepani wawa a mfumu makinawa abalalika. Iwo anali atayala mapepala onse pa bwato akusankha. Anatenga la chambo 9 nkundifunsa kuti mwanawe, iyi ungaikulitse ifike saizi ya kalendala? Akuti chikhalireni pa ufumu palibe msodzi anawapatsako nsomba zochuluka chonchi tsiku limodzi.

Anthu otsatira pamzere onse anakana chambo chimodzi, aliyense akufuna "ngati za a gulupu", moti ndinakhala pansi pa mchenga mwera ukundithira fumbi mu kiyibodi, kulemba lupu (lamulo lobwerezabwereza) yoti izimata nsomba 9 mwadala. Msuweni mpaka lero amauza anthu pa Kamuzu Road kuti luso lija anayambitsa ndi iyeyo ndipo akufuna gawo lake la ndalama.