Lachiwiri: pamene wolemba wadumpha

Ndadzuka mbandakucha, m'nyumba muli zii, n'kukhala patebulo ndi kope langa la mafunso olakwa. M'kopemu ndimalemba funso lililonse limene landigwetsa, yankho limene ndinasankha, ndi chimene chinandikokera kumeneko. Ndatsegula masamba a milungu iwiri yapitayi ndipo mtima wandiwawa, chifukwa ambiri mwa mafunsowo ndi amtundu umodzi: aja ofunsa kuti mwa mayankho asanuwa, ndi liti limene, litakhala loona, lingafooketse kwambiri mfundo ya wolemba.

Ndikukonzekera mayeso a GMAT, olowera sukulu zapamwamba za bizinesi. Chiwasinthireni kumapeto kwa 2023, gawo la chilankhulo lili ndi mafunso 23 oyankha m'mphindi 45, ndiye kuti funso limodzi silikwana ndi mphindi ziwiri zomwe. Mpata woti uzitembenuza funso uku ndi uku palibe.

Funso loyamba lero linali lotere. Kampani ina inatsegulira antchito ake chipinda chochitiramo masewera olimbitsa thupi. Chaka chitatha, inapeza kuti amene ankapitako ankajomba chifukwa cha matenda masiku ochepa poyerekeza ndi anzawo. Choncho, akutero wolemba, chipindacho chachepetsa matenda. Ine ndinathamangira yankho lonena kuti chipindacho chinadya ndalama zambiri kuposa zimene kampani inapulumutsa. Linkamveka lamphamvu kwabasi. Koma kodi wolembayo ananenapo kuti chipindacho n'chopindulitsa? Ayi ndithu. Iye anati chachepetsa matenda, basi. Yankho lolondola linali lofatsa, lokhala ngati lopanda mano: anthu amene anayamba kupita kumasewerako ndi omwe aja amene sankadwaladwala ngakhale chipinda chisanatsegulidwe. Munthu wodwaladwala sathamangira kukanyamula zitsulo. Mwina thanzi ndilo linawapititsa kumasewera, osati masewera kuwapatsa thanzi.

Ndinakhala kaye duu, pensulo ili m'manja. Ndinali nditalimbana ndi nkhani imene wolembayo sanaiyambe n'komwe.

Masana ndinaimbira foni achemwali anga, amene analembapo LSAT, mayeso olowera sukulu za malamulo omwe ali ndi mafunso ofanana ndi amenewa. Ndinati, "Achemwali, tandithandizeni, zofooketsazi zandikwana." Anandiuza kuti ndiwawerengere funso lija, ndipo ndisanafike pamayankho anandidula pakamwa.

"Ima pomwepo. Tandiuza, munthuyu akufuna kuti ukhulupirire chiyani? Unene ndi mawu akoako."

Ndinanena.

"Nanga wakupatsa umboni wanji?"

Ndinanenanso.

"Tsono pakati pa ziwirizi wadumpha pati?"

Funso limenelo ndilo ndakhala ndikuliphonya. Umboni umene uli m'ndimemo sutsutsidwa, umautenga kuti ndi woona. Mayankho nawonso sukangana nawo, pajatu funso lanena kale kuti "litakhala loona". Malo okhawo amene watsala nawo ndi pamene wolemba wachoka paumboni n'kukatera pachigamulo chake atadalira chinthu chimene sanachitchule. Pa kampani ija anadalira zoti magulu awiri aja anali ofanana poyamba. Ukagwedeza pamenepo, mfundo yonse imatsimphina.

Achemwali anandikumbutsanso nkhani ya mu 1936 ku America. Magazini ya Literary Digest inatumiza makalata pafupifupi 10 miliyoni kufunsa anthu amene adzamuvotere pa chisankho cha pulezidenti, ndipo oposa 2 miliyoni anayankha. Inalengeza kuti Alf Landon apambana. Tsiku litafika, Franklin Roosevelt anatenga zigawo 46 mwa 48. Kuwerenga makalatawo sanalakwitse ayi. Koma mayina ambiri anawatenga m'mabuku a manambala a foni ndi m'kaundula wa eni magalimoto, panthawi imene chuma chinali chitagwa ndipo zinthu zimenezi zinali za anthu opezako bwino. Komanso amene anavutikira kubweza kalata sanali ofanana maganizo ndi amene anangoitaya. Nkhaniyi yandikhudza kwambiri, chifukwa chiwerengero chachikulu chimaopsa, umachita manyazi kuchikayikira. Chikhalirecho funso loyenera silinali loti anafunsa anthu angati, koma loti anafunsa ndani.

Nditatsitsa foni ndinatchera wotchi n'kuyamba mafunso khumi. Ulendo uno ndinkaphimba mayankho ndi chikhatho mpaka nditalemba chigamulo cha wolemba m'mawu osapitirira khumi m'mphepete mwa pepala. Poyamba zinkaoneka ngati zikundidyera nthawi, koma kenaka ndinaona kuti mayankho awiri kapena atatu ankangogwa okha, chifukwa sankakhudza chimene ndalemba chija.

Angapo anali a chifukwa china chobisika: malonda akwera titayamba kuitanira pawailesi, pamene mwezi womwewo wopikisana naye anatseka. Amenewa tsopano ndikuwaona msanga. Lina linali la pulani, ndipo pa pulani funso ndi limodzi lokha: kodi ifikitsa pacholinga chimene chatchulidwacho? Kaya ndi yodula, kaya anthu ena aipidwa nayo, ngati cholinga chikwaniritsidwabe ndiye kuti sunaifooketse.

Limene linandisangalatsa linali la chipatala chongopeka. Akuti odwala ambiri amamwalira pa chipatala chachikulu kusiyana ndi chaching'ono, choncho chaching'onocho chimasamala bwino anthu. Ndinaona msanga malo awiri ogwedera. Choyamba, wolemba akuwerenga anthu osati gawo lawo pa anthu 100 alionse ogonekedwa, pomwe chachikulucho chimalandira khamu. Chachiwiri, amene matenda awakula amatumizidwa kuchachikuluko. Yankho la kutumiza odwala mwakayakaya linalipo, ndipo ndinalisankha mtima uli m'malo.

Ndinakhoza asanu ndi atatu. Limodzi mwa awiri otsalawo ndinalakwa chifukwa chofulumira: ndinasankha yankho lokhudzadi podumpha paja, koma lolimbikitsa mfundo m'malo moifooketsa. Olemba mayeso amaliikamo dala, podziwa kuti munthu wotopa amakumbukira nkhani n'kuiwala mbali imene akukankhira. Kuyambira lero ndizilemba chizindikiro chochotsera pamwamba pa funso ndisanawerenge china chilichonse.

Linalo landisautsa mpaka madzulo ano. Ndinakana yankho lolondola chifukwa ndinkaona kuti silikugwetsa mfundo yonse, wolemba akanathabe kudziteteza. Ndinawalembera achemwali uthenga, ndipo anandiyankha kuti palibe amene wandituma kukapha mfundoyo, akufuna yankho limene likuichepetsa mphamvu kuposa anayi enawo, ngakhale pang'ono. Ndikuvomereza, ngakhale mumtima ndikadali ndi kanjala kofuna yankho lomaliziratu nkhani. Ndikuganiza kuti kanjala kameneka ndi komwe kamandikokera kumayankho aphokoso ngati la ndalama lija la m'mawa.

Usiku uno ndalemba mafunso atatu aja m'kope, lililonse ndi mzere wonena pamene wolemba anadumpha. Ndabwereranso kumasamba akale, ndipo pa mafunso asanu ndi limodzi oyambirira ndapeza kuti anayi ndinawalakwa ndisanadziwe n'komwe chigamulo chimene ndinkalimbana nacho. Mawa m'mawa ndiyamba ndi amenewo, mayankho nditawaphimba, kenaka ndione ngati njira yomweyi igwira pa mafunso olimbikitsa mfundo.